Dzina limene sindinalembe

Mu Januwale 2022, madzi a namondwe wa Ana atayamba kuphwa, kope ndi cholembera m'mudzi mwathu zinali m'manja mwanga. Mudzi wathu uli kufupi ndi Bangula, chakumtsinje. Anthu anandisankha kukhala mlembi wa komiti yoona za ngozi chifukwa ndimalemba zooneka bwino, komanso ndine mkulu wa mpingo. Ankati munthu wa Mulungu sangakondere. Ntchito yathu inali kuyenda khomo ndi khomo kulemba mabanja amene nyumba zawo zagwa, kuti thandizo likafika, ufa, malona, ndowa ndi mabulangete, pasakhale kulimbirana.

Titafika pakhomo pa achimwene anga, akulu anga a bere limodzi, tinapeza khoma lakum'mawa litagwera m'kati ndipo denga litapendekeka. Alamu anali atayanika mapira onyowa pa chitenje, ena atayamba kale kumera. Mnzanga wa mu komiti anati, "Apa lembani." Ine ndinaizungulira nyumbayo n'kunena kuti, "Iyi sinagwe yonse. Tiyambe talemba amene alibiretu pogona." Mawuwo anali oona. Koma m'mawa womwewo ndinali nditalemba mabanja atatu amene nawonso linangogwa khoma limodzi. Achimwene sanayankhe kanthu. Anangopitiriza kutola njerwa zimene sizinasweke n'kumaziunjika pambali.

Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino, ndipo ichi ndi chimene chimandiopsa mpaka lero. Ndinapemphera ndi banja langa, ndinathokoza Mulungu kuti watipulumutsa ku madzi, n'kugona. Mtima sunagunde n'kamodzi komwe.

Kuti munthu afike pamenepo pamakhala patayenda zaka. Bambo athu asanamwalire mu 2013 anatigawira dimba lawo la m'mbali mwa Shire, ndipo malire anali mzere wa nthochi umene anabzala okha. Amene si a kuno mwina sangamvetse kuti dimba n'chiyani kwa ife. Kumphala timalima mapira, mchewere ndi thonje, koma mvula ya kuchigwa kuno ndi yosadalirika. Chaka china imadula mbewu zili m'mawondo. Chimene chimatisunga ndi dimba. Madzi akabwerera mumtsinje timabzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu pa chinyontho chotsalacho, n'kumakolola nthawi imene kumtunda kuli fumbi lokhalokha.

Kenako kunabwera madzi a Januwale 2015. Amene analipo sadzaiwala: Ruo anasiya njira yake, anthu a ku Makhanga ankapulumutsidwa pa maboti ndi ndege, ife tinakagona ku kampu ku Bangula. Nthochi za bambo zinapita zonse. Mbali ya achimwene madzi anaikwirira ndi mchenga, mbali yanga anaisiyira dothi lakuda lonona. Ine ndinachedwa ku kampu chifukwa mayi a kunyumba anali ndi khanda la miyezi iwiri ndipo ankadwaladwala. Pamene ndinkafika kudimba ndinapeza khasu la achimwene litadutsa kale pakati pa gawo langa, chimanga chitamera.

Nkhani inapita kubwalo. Mboni yeniyeni inali nthochi, ndipo nthochizo zinali zitapita ndi madzi. Mayi athu, okalamba, anakana kuloza malire. Anati sangasankhe pakati pa ana awo. Mlandu unatha ndi mawu oti aliyense apitirize pamene walima. Ndinatsala ndi kachigawo kosakwana theka la kamene bambo anandipatsa.

Ndikulemba izi kuti pasakhale wina woganiza kuti ndinkadandaula zopeka. Anandilakwira, ndipo ndikukhulupirira choncho mpaka lero. Chakukhosi chimene chimapha munthu wopemphera kawirikawiri sichimera pa bodza. Chimamera pa mlandu woona, ndipo chifukwa choti mlanduwo ndi woona, mwini wake sachitcha tchimo. Amachitcha chilungamo.

Aliyense amene analimapo mapira pa nthaka yotopa amamudziwa kaufiti. Mbewu zake ndi tosaoneka, ngati fumbi, ndipo zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10 zikudikira. Sizimera paokha. Zimayembekeza muzu wa mapira kapena wa chimanga udutse pafupi, pamenepo ndiye zimadzuka n'kudziphatika ku muzuwo, n'kuyamba kuyamwa. Kwa milungu ingapo pamwamba sipaoneka kanthu. Mlimi amangoona mbewu yake ikupinimbira, masamba akufota ngakhale pansi pali ponyowa, mpaka kuganiza kuti wina wamulodzera munda. Dzina lake linachokera pamenepo. Pamene kaufiti akutulukira kunja ndi timaluwa take tofiira tokongola, ntchito amakhala atamaliza kale kunsi.

Kalata ya kwa Ahebri, mutu 12 ndime 15, imachenjeza kuti tiyang'anire pasapezeke wina woperewera chisomo cha Mulungu, ndi kuti muzu wa kuwawa ungaphuke n'kutivuta, anthu ambiri n'kudetsedwa nawo. Ndimeyi ndinaiwerengapo pamaso pa mpingo kangapo m'zaka zimenezo, ndipo nthawi zonse ndinkaona nkhope za anthu ena. Chimene sindinkadziwa n'chakuti wolemba kalatayo anatenga fanizoli m'buku la Deuteronomo, mutu 29 ndime 18 ndi 19, pamene Mose akuchenjeza Aisraele za muzu wobala ndulu ndi zowawa. Pamenepo muzuwo ndi munthu amene mtima wake wapatuka kusiya Yehova, koma akamva mawu a pangano amadzidalitsa yekha mumtima, n'kumati ndidzakhala ndi mtendere ngakhale ndikuyenda mu kuuma kwa mtima wanga. Nditawerenga mawu amenewa ndinakumbukira tulo tanga ta usiku uja. Munthu wa m'ndimeyi sathawa m'gulu la anthu a Mulungu. Amakhala momwemo, amamva mawu onse, ndipo amachoka ali wokhutira.

Pa zaka zonsezo sindinawatukwanepo achimwene. Sindinawaloze chala. Tikakumana panjira ndinkati, "Mwadzuka bwanji achimwene?" iwo n'kuti, "Tadzuka, kaya inu," basi. Anthu ankandiyamikira kuti ndine wofatsa, kuti wina akanatenga chikwanje. Baibulo limamudziwa munthu wofatsa wa mtundu umenewu. Amnoni, mwana wa mfumu Davide, atagwirira Tamara, mlongo wa mbale wake Abisalomu, buku lachiwiri la Samueli mutu 13 limati Abisalomu sanalankhule ndi Amnoni chabwino kapena choipa, pakuti anamuda. Panapita zaka ziwiri zathunthu ali chete, kenako anaitana ana a mfumu ku phwando la kumeta nkhosa, n'kumuphetsa mbale wakeyo ali pakati pa kumwa. Abisalomu naye anali ndi mlandu woona: mlongo wake anachitidwa chipongwe, ndipo Davide anangokwiya osachitapo kanthu. Koma chimene chinakula mwa iye m'zaka ziwiri za chete zija sichinathere pa Amnoni. Chinadzafika pothamangitsa bambo ake mu Yerusalemu, ndipo anthu ochuluka amene sanamudziwe n'komwe Tamara anafera m'nkhalango ya Efraimu.

Esau nayenso, amene kalata ya kwa Ahebri imamutchula ndime yotsatira yomweyo, atalandidwa mdalitso anangonena mumtima mwake kuti masiku a maliro a bambo ayandikira, pamenepo ndidzamupha Yakobo. Ankasunga kampeni kumphasa, akudikira nyengo.

Ine sindinaphe munthu, koma ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona zimene zinkamera. Chaka china ng'ona inagwira ng'ombe ya achimwene pokamwa madzi. Nditamva, m'mimba mwanga munadutsa kanthu kotsekemera, ndipo pakamwa ndinati, "Mulungu sagona." Ndinatenga dzina la Mulungu n'kulikulunga pa chimwemwe changa choipa. Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinaona ng'ombe za eni zikulowera ku chimanga chawo, abusa ake akusewera patali. Kukuwa kamodzi kokha kukanakwana. Ndinakhotera njira ina. Pa maliro a m'mudzi, akulu akakhala pansi pa mtengo wa nimu n'kutchula dzina lawo, ndinkangopukusa mutu n'kuti, "Ine sindinena kanthu," ndipo aliyense ankamva zonse zimene sindinanenezo. Pa Mgonero ndinkaonetsetsa kuti ndakhala mzere wina.

Palibe limodzi mwa machimo amenewa limene ndinalilapa nthawi imeneyo, chifukwa palibe limene ndinaliona ngati tchimo. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake Malemba amachitcha muzu. Munthu akaba mbuzi amadziwa kuti waba. Woledzera akadzuka m'mawa amadziwa za dzulo. Koma wa chakukhosi amakhala ndi woweruza wakewake mumtima amene amamumasula mlandu uliwonse usanayambe n'komwe: miseche imasanduka kuchenjeza anthu, kumana kumasanduka kusamala, kukondwera ndi tsoka la mnzako kumasanduka umboni woti Mulungu amayankha. Paulo polembera Aefeso, mutu 4 ndime 31, atandandalika zoyenera kuchotsedwa pakati pa okhulupirira anayambira pa chiwawo, kenako kupsa mtima, mkwiyo, chiwawa ndi mwano. Kwa ine zinabweradi mwa ndondomeko imeneyo. Ndime zingapo m'mbuyo mwake anali atanena kuti dzuwa lisalowe tili chikwiyire, ndipo tisampatse malo mdierekezi. Langa linalowa zaka 7, ndipo malo amene ndinapereka anadzaoneka tsiku limene kope linali m'manja mwanga.

Thandizo litafika, banja la achimwene silinalandire. Mwezi wa Febuluwale ndinaona alamu akuchokera kudambo ndi beseni la nyika pamutu, miyendo ili matope mpaka m'mawondo. Nyika timadya kuno njala ikafika povuta, ndipo aliyense amadziwa kuti kumene amazula nyika ndi kumene kumakhala ng'ona. Mayi ameneyu sanalime gawo langa, sanayankhule kubwalo. Ndiye amene anasamalira mkazi wanga pa uchembere wake woyamba. Ndinamuona akudutsa, ndinamupatsa moni, ndipo mumtima ndinati akanakhala kuti amuna ake sanandibere, bwenzi zinthu zili bwino.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa pali chiphunzitso china chimene ndimachimva m'maguwa athu chimene sindigwirizana nacho. Mayi wamasiye abale a mwamuna amulanda ng'ombe, malata ndi munda, akulira, ndiye mlaliki n'kumuuza kuti mayi, chotsani kuwawidwa mtima, mukutsekereza madalitso anu. Kumeneko ndi kumumenya kachiwiri. Kumva kuwawa si tchimo. Naomi atabwerera ku Betelehemu wopanda mwamuna ndi ana anauza amayi a m'mudzi kuti asamutchenso Naomi koma Mara, chifukwa Wamphamvuyonse wamuchitira zowawa, ndipo Malemba samudzudzula. Hana anapemphera ku Silo mtima uli wowawa, akulira kwambiri, mpaka Eli anamuyesa woledzera. Amayi awiriwa anatulutsa kuwawa kwawo poyera, pamaso pa anthu ndi pamaso pa Mulungu. Ine ndinakukwirira, n'kumakuthirira usiku uliwonse pobwereza mlandu wa kubwalo uja m'mutu, mawu ndi mawu, ndikuwonjezera zimene ndikanayankha. Wamasiyeyo mpingo umuthandize kupita kwa amfumu kapena kukhoti akatenge zake. Yesu yemwe pa Mateyu 18 ndime 15 anati mbale wako akakuchimwira upite ukamuuze, panokha iwe ndi iye. Ine ulendo umenewo sindinauyende. Kuchokera tsiku la kubwalo sindinakhalepo pansi ndi achimwene kuwauza kuti munandipweteka. Ndinauza mudzi wonse ndi nkhope yanga, kupatula iwo.

Amene anandivundukula ndi mwana wanga, khanda lija tinali nalo ku kampu. Mu 2023, patapita milungu ingapo chidutsireni namondwe wa Freddy, ndinkadutsa pa mjigo madzulo. Mijigo ina kuno imatulutsa madzi a mchere, choncho pa umene uli ndi madzi okoma pamakhala mzere wautali wa ndowa. Ndinaona mwana wanga, wa zaka 8, akukankha ndi phazi ndowa ya mwana wa achimwene kuichotsa pamzere. Ananena mokweza, amayi onse akumva, kuti, "Ana a mbava atunge pomaliza."

Mwana winayo ndi wamng'ono kwa iye. Sanalire. Anangotola ndowa yake n'kukaima kumapeto, ngati kuti ndi malo ake enieni. Ndinazindikira pomwepo kuti aka sikanali koyamba.

Sindinamuphunzitsepo mwana wanga mawu amenewo, mayi ake ngakhalenso. Koma anakula akudya nsima pa mkeka umene dzina la abambo ake aakulu likatchulidwa pamagwa chete. Ankamva ndikamapemphera kuti Mulungu aweruze amene amadya thukuta la anzawo. Dimba limene ankalimenyera nkhondo pa mjigopo sanaliponde n'kamodzi komwe. Ambiri adzadetsedwa nawo, inatero kalata ija, ndipo woyamba kudetsedwa anali wa m'nyumba mwanga, amene ndinkati ndikumusungira cholowa.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinatsegula Mateyu 5, pamene Yesu akuti ukabwera ndi mtulo wako kuguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, usiye mtulowo, uyambe wakayanjana naye. Kwa zaka zonsezi ndinkawerenga ndimeyi ngati ya achimwene: iwo ndiwo ayenera kubwera kwa ine. Tsiku limenelo ndinaona kuti tsopano iwo ali nane chifukwa. Panali dzina limene sindinalembe. Mlandu wawo wa dimba sunafafanize mlandu wanga wa kope. Inali milandu iwiri, ndipo umene Mulungu akanandifunsa ine unali wachiwiriwo.

Panapitabe milungu itatu ndisanapite. Ndinkadziuza kuti ndikapepesa adzayesa kuti ndavomereza za malire. Ndinkadziuza kuti wamkulu ndiye ayambe. Mayi a kunyumba ndi amene anandidula mawu. Anati, "Bambo, inu mukufuna mukapepese mutapambana. Pitani muli olakwa choncho."

Ndinapita m'mawa dzuwa lisanakwere, ndi thumba la mapira pa njinga. Ndinawapeza akusoka ukonde pakhonde. Alamu anandiyalira mkeka n'kulowa m'nyumba. Titapatsana moni ndinati, "Achimwene, ndabwera ndi mlandu wanga. Chaka chatha dzina lanu ndinalisiya dala. Nyumba yanu inayenera kulembedwa. Ana anu anagona ndi njala chifukwa cha ine. Ndinachimwira inu, ndinachimwira alamu, ndinachimwira Mulungu."

Anapitiriza kusoka kwa nthawi ndithu. Kenako anati, "Ndinkadziwa."

Ndinadikira. Kunena zoona, ndinkadikira kuti nawonso anene za nthochi za bambo. Sananene. Ndiye ndinawauza ndekha, koyamba m'zaka 8, kuti za dimba zinandipweteka ndipo ndimaonabe kuti malire sanali pamenepo, koma sindidzawalipiritsanso kudzera kwina. Iwo anati madzi ndi amene anasokoneza zonse, ndipo bwalo linagamula. Pamenepo ndinamva chinthu chija chikudzuka m'chifuwa, chathunthu, ngati sichinachokepo. Ndinagwira m'mphepete mwa mkeka, n'kupemphera chamumtima mawu ochepa okha, akuti Ambuye, mlandu uwu tengani ndinu. Thumba analandira. Alamu anandiperekeza mpaka panjira, ndipo ndi iwo amene analira.

Alangizi a zaulimi amatiuza kuti kaufiti sathera chaka chimodzi. Umamuzula asanachite maluwa kuti asawaze mbewu zina, umathira manyowa, umasinthanitsa ndi mbewu ngati thonje zimene zimamudzutsa koma iye sangaziyamwe, ndipo chaka chamawa umabweranso kudzazula wina. Kukhululuka ndakupeza kotero. Paulo pa Aroma 12 ndime 19 akuti tisabwezere tokha, kubwezera n'kwa Ambuye, ndipo ine mawu amenewo ndimayenera kuwavomera mwatsopano nthawi iliyonse ndikadutsa kudimba n'kuona chimanga cha achimwene chitaima pa dothi lakuda lija. Masiku ena zimatheka msanga. Masiku ena ndimafika kunyumba ndisanathe. Chimene ndinasiya ndi kubwereza mlandu uja usiku, ndipo ndikawapempherera ndimatchula dzina lawo ndi la ana awo mmodzimmodzi, mokweza, ana anga akumva.

Ku komiti ndinakanena zimene ndinachita, n'kubweza kope. Kumpingo ndinauza akulu anzanga, ndipo anandiimika kaye pa udindo kwa miyezi ingapo. Anachita bwino.

Chovuta kuposa zonse chinali kukhala pansi ndi mwana uja. Sindikanamuuza kuti palibe chimene chinachitika, chifukwa likanakhala bodza lina. Ndinamuuza kuti ine ndi abambo ake aakulu tinasemphana za munda, kuti nkhaniyo ndi ya ife awiri, ndipo iye alibe nayo gawo. Ndinamuuzanso za kope, kuti m'bale wake uja anagona ndi njala chifukwa bambo ake a iyeyo, ine, ndinachita choipa. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye munda uja abweza?"

"Sanabweze."

"Nanga mwapepesa bwanji inuyo?"

Ndinamuuza kuti ndapepesa zanga. Sanayankhe. Anatenga ndowa yake n'kumapita ku mjigo, ndipo ine ndinamutsatira chapatali kukaona kuti akaima pati.